Madzi Amene Anakwera Okha

Fungo ndi limene linayamba kundiuza. Mmene ndinkatsekula shopu yanga yosokera m'mawa umenewo, mphuno inakumana ndi kafungo ka chuku, kaja kamatuluka mu sutikesi yoiwalika pansi pa bedi. Ndinanunkhiza nsalu imodziimodzi mpaka ndinafika pa shelefu yaitali ya pakona. Nditakoka mpukutu wa pamwamba, dzanja linabwera lonyowa. Nsalu yoyera ya diresi la eni inali itamera timadontho takuda.

Ndinaitana anthu odutsa, tinakankha shelefu ija. Pakona ya denga panali banga lalikulu ngati thireyi, penti itatupa, ndipo pakati pake dontho linkalendewera likuganiza zogwa.

Shopu yanga ili pansi m'nyumba yosanja. Pamwamba pamakhala eni nyumba, mayi wamasiye amene tonse timangowatcha Adona, ndi mwana wawo wamkazi, namwino. Kuseri kwa bwalo, m'kachipinda koyang'anana ndi mpopi, kumakhala mng'ono wa malemu amuna awo, amene msewu wonse umawaitana Bambo Aang'ono ngakhale imvi zili mbuu. Ine ndakhalitsa pamenepo, ndipo anthu amati ndimayeza nkhani kuposa mmene ndimayezera ziuno. Sindikana.

Adona anatsika masitepe atamva phokoso la shelefu. Anayang'ana banga lija, nkhope n'kuwala ngati munthu watola chinthu.

“Ehee! Sindinanene ine, Atelala? Wakuba uja ndi wachinyengonso. Zitini za mankhwala anagulitsa, m'bafa mwanga n'kupakamo madzi a buluu!”

Amene ankanenedwayo anali Mayi Buluu, mmisiri woletsa madzi kulowa m'makoma, amene dzina analipeza chifukwa zikhadabo zake sizichoka mtundu wa mankhwala amene amapaka. Ndiye anakonza bafa la m'chipinda cha malemu, limene lili pamwamba penipeni pa shopu yanga. Chipinda chimenecho chinakhala chokhoma chimwalirire bambowo, mpaka chinyezi cha bafa lakale chitayamba kudya khoma, Adona n'kuvomera kuti likonzedwe. Ntchito itatha anasamukiramo, ndipo tsiku lina atatsekula bokosi la lipenga la amuna awo, amene anali woimba m'bandi, anapeza muli mbee. Makiyi a chipindacho anali awiri okha, a Adona ndi amene anabwereka Mayi Buluu.

“Asajeni a kupolisi anati umboni palibe,” anatero Adona, akuloza denga langa. “Nawu umboni, ukudontha. Ndikukawatenga masana ano, akamunyamule.”

Ndinamva chisoni ndi nsalu yanga, koma chimene chinandigwira kwambiri chinali china. Bafa la pamwambalo ndinaliona likukonzedwa. Chibowo chotulukira madzi chili pakati, mapaipi ali kukhoma la kuchitseko. Munthu akapaka madzi a buluu m'malo mwa mankhwala, denga lonse likanalira, kuyambira pachibowo. Nanga bwanji banga linasankha pakona pokha, pansi pa zenera, pomwe palibe paipi ngakhale imodzi?

“Mayi, Asajeni abwere madzulo,” ndinawapempha. “Ndiyambe ndachotsa nsalu za eni.”

Nsalu sindinazikhudze. Ndinakhoma shopu n'kuuyatsa ulendo.

*

Mayi Buluu ndinamupeza kwake, atakhala pa chitini chopanda kanthu, akutsuka mabulashi oyera kale. Munthu akamatsuka zoyera ndiye kuti ntchito palibe.

“Kunyumba ya alendo ikumangidwa ija anandiuza kuti ndiyambe ndapuma,” anatero osadzutsa mutu. “Adona anakafika komweko, kukakuwa pamaso pa akapitawo kuti ndine wakuba. Ndani angapatse kiyi munthu wotere? Ntchito yanga, amayi, ndi ya m'zipinda za eni. Dzina likada, manja alibe ntchito.”

Nditamuuza za banga, bulashi inagwera m'madzi.

“Sizingatheke.”

“Ladontha pa nsalu yanga.”

“Ndiye kuti si bafa langa.”

“Tandiuzani mmene munagwirira. Ine ndimadziwa ulusi wokha.”

Anapukuta manja pa ovolosi. Amayankhula pang'onopang'ono, mawu aliwonse ngati akuyala njerwa.

“Choyamba ndimasesa, fumbi lisatsale. M'makona, pamene pansi pakumana ndi khoma, ndimamata kansalu kolimba, chifukwa nyumba imadzitambasula kukatentha ndipo mng'alu umayambira pakona. Kenako ndipake mankhwala, aume, ndipakenso mopingasa. Akauma amakhala ngati mphira, beseni limodzi lopanda msoko. Ali aawisi sapondapo munthu, ngakhale mphaka. N'chifukwa chake ndinkakhoma chipinda, kiyi m'thumba.”

“Nanga mphepo youmitsa inkalowera kuti?”

“Pazenera. Linali lisanaikidwe, panali chibowo chokha.”

“Kenako?”

“Kenako mayeso. Ndimatseka chibowo cha madzi, kuthira madzi mpaka mu akakolo, kulemba mzere ndi choko pakhoma, n'kuchoka. Mawa lake ukapeza atatsika kwambiri, pali pobooka. Ndinabweranso kwa inu kudzayang'ana denga, mwaiwala?”

Sindinaiwale. Anayang'ana denga lonse kupatula pakona, pamene shelefu yanga inkabisa. Ndinamufunsa ngati madziwo anatsika.

“Ayi.”

“Ngakhale pang'ono? Ndi kutentha kunali masiku amenewo? Ine madzi a mu ayironi ankandithera ndisanamalize malaya.”

Maso ake anapita patali, kubafa kuja.

“Amatsika pang'ono nthawi zonse,” anatero motsitsa mawu. “Kambali ka chikhadabo, chifukwa cha mphepo. Koma tsiku limenelo mzere wanga sindinaupeze bwinobwino. Unali pansi pa zenera, choko chitasungunuka, khoma lonyowa kuchokera pamwamba. Madzi anali ataumiza. Ndinangoti mwina ndinalemba motsika, ndinakondwera, n'kutsekula chibowo.”

“Mpopi wa m'bafamo sunadonthe?”

“Unali usanalumikizidwe. Madzi ndinatunga pabwalo ndi ndowa.” Anakwinya mphuno. “Ndipo ankanunkha. Kafungo koyabwa, ka mankhwala otsukira. Ndinkayesa ndi mankhwala anga omwe.”

Tinayang'anana. Pa moyo wanga ndaona madzi akutsika, akuuma, akutayika, koma kukwera okha m'chipinda chokhoma ndinali ndisanamvepo.

*

Amene anayala matailosi m'bafalo ndinamupeza m'nyumba ina kumapeto kwa msewu, atagwada pansi. Amamutcha Agogoda, chifukwa sadutsa tailosi osaigogoda ndi chala, ngakhale m'nyumba ya maliro. Pakamwa pake sipauma.

“Ine? Ine ayi, amayi, ine mundichotsemo! Tsiku lililonse ndinkagwira Adona atakhala pa mpando pakhomo, maso pa ine ngati ndikuyala golide. Kupita kokataya madzi, kupempha chilolezo. Lipenga ndikanalibisa kuti, m'kamwa?”

“Sindikufunsa za lipenga. Pansi munapapeza bwanji?”

“Posalala! Mayi uja dzanja ali nalo, ndisaname. Kupatula pakona paja.”

“Pakona iti?”

“Pansi pa zenera. Panali chotupa, mankhwala ataunjikana ngati wina wakhuthula phala n'kusalaza ndi chikhatho. Ndinati ee, ngakhale katswiri amatopa. Ndinangowonjezera simenti kuti tailosi ikhale bwino. Mpaka lero mukaigogoda imayankha mwina, imati bu-bu, zinzake zikuti ke-ke.”

“Simunamuuze?”

“Mmisiri sauza mmisiri mnzake kuti apa wapindika, amayi. Mawa adzakuuzanso iwe.” Anagogoda tailosi ina, n'kumvetsera. “Komanso makwerero aja ankandidabwitsa. Mayi Buluu ankawagoneka pansi kuseri akamaweruka. Ine ndinabwera kudzayeza bafa m'mawa wa tsiku la mayeso a madzi, ndinawapeza ataimirira, atatsamira khoma, mutu uli pazenera la bafa. Ndinati kaya, mwina makwerero a masiku ano amadzuka okha.”

Madzi okwera okha, makwerero odzuka okha. Nyumba imeneyi inali itayamba kundikoma.

*

Munthu amene amaona zonse za kuseri ndi Bambo Aang'ono. Amakhala pa mpando wa ndalema pakhomo pa kachipinda kawo, mwendo wodwala atauika pa chidebe, akuonerera mpopi ngati kanema. Nawonso anali a m'bandi, ankaimba ng'oma pambuyo pa akulu awo.

“Atelala! Mwabwera kudzandiyeza suti ya ukwati?”

“Mkazi mwamupeza?”

“Ndikudikira inu mukule.”

Ndinakhala pa njerwa. Ndinawafunsa za makwerero, iwo n'kuloza bondo lawo, lotupa ngati dzungu.

“Ine kukwera bedi ndimachita kupemphera. Mukafuna wokwera makwerero musayang'ane kuno.”

“Koma munaona wokwerayo.”

“Maso anga masana amagona.”

“Lipenga la akulu anu likusowa, inu osadandaula?”

Nthabwala zinachoka pankhope. Anayang'ana kumwamba, kuzenera la bafa.

“Lipenga linasowa kale, amayi, tsiku limene alamu anakhoma chitseko chija. Mukudziwa chimene chinyezi chimachita ndi mkuwa? Chimaubiriwitsa. Mabatani amagwirana, nsalu ya m'bokosi imamera ubweya. Bokosilo linali m'kabati yotsamira khoma la bafa, khoma lomwe linkatuluka thukuta chaka chonse. Tinapempha, ine ndi mwana wawo, kuti tingolipukuta. Anati aliyense wokhudza za amuna anga achoke pano. Chinthu choimba chimafuna mpweya. Mukachitsekera chimafa ngati munthu.”

Atanyamuka kuti akanditengere madzi akumwa, chitseko chawo chinalira kwiii, ngati mwana wa mbuzi. Apo ndinakumbuka. Masabata angapo m'mbuyomo anabwera kushopu kudzapempha mafuta a makina osokera, akuti chitseko chikuwasowetsa tulo. Ndinawapatsa kabotolo kathunthu.

“Mafuta anga aja sanathandize?” ndinafunsa atabwerera.

“Ati?”

“A chitseko.”

Anandipatsira kapu. Zala zimene zinaigwira zinali zakuda m'mizere, ndipo zinkanunkha polishi wa zitsulo.

“Chitseko ichi n'chamwano,” anatero, maso ali kumbali.

Sindinawapanikize. Lipenga ndinali nditadziwa kumene likugona. Koma bondo lija silinali kunama, ndipo munthu wa thupi lawo sakanakwana pazenera la bafa. Panali wina amene anakwera.

*

Ndisanadzuke pa njerwa paja, namwino anatulukira ku masitepe a kuseri atanyamula ndowa. Ndi mtsikana wamkulu ndithu, wowonda, wofatsa, amene ndinamusokera yunifolomu yake yoyamba. Anaika ndowa pansi pa mpopi n'kuyamba kutsukuluza zovala zake zoyera.

Ndinamuyandikira ngati ndikufuna kusamba m'manja. Fungo la m'ndowamo linandilasa m'mphuno, loyabwa, la mankhwala otsukira amene anamwino amaviikamo zovala.

“Mwaswera bwanji, anesi?”

“Ndaswera, amayi. Ndamva za nsalu yanu, pepani.”

“Ndikuyesa kukumbuka za masiku a ntchito aja. Tsiku limene Mayi Buluu anapaka komaliza, munali pakhomo?”

“Ndinali m'tulo. Sabata imeneyo ndinkagwira usiku, masana ndinkagona nditatseka makutu ndi thonje. Sindinamve kanthu.”

Yankho linabwera msanga, losita kale. Ndinali ndisanafunse ngati anamva kanthu.

“Amayi anu anali kuti?”

“Kumsika.”

Ndinayang'ana kumapazi kwake. Anavala nsapato zoyera zatsopano, zowala. Pansi pa sinki ya panja, kuseri kwa matsache, panali zina zakale, zoyera zomwezo koma zotuwa, zitaponyedwa chafufumimba. Ndinawerama ngati ndagwetsa pini, n'kutembenuza imodzi. Kunsi kunali kokwechedwa ndi bulashi mpaka kuyera, koma m'timizere ta mphira, mkati mwenimweni momwe bulashi sifika, munali buluu.

Nditadzuka ndinapeza akundiyang'ana. Madzi ankasefukira m'ndowa, iye osatseka mpopi.

Ndinamva chisoni, ndipo ndinakwiyanso. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, koma kutsidya kwa msewu kunali mayi wina akutsuka mabulashi oyera.

“Mwana wanga,” ndinatero motsitsa, “Asajeni akubwera madzulo ano kudzatenga munthu wosalakwa. Ine ndiwapempha kuti achotse tailosi imodzi. Chimene chili pansi pake ukuchidziwa kuposa ine.”

Anayang'ana kumasitepe.

“Amayi andithamangitsa.”

“Mwina. Koma Mayi Buluu amuthamangitsa kale.”

Anatseka mpopi, ananyamula ndowa, n'kukwera masitepe.

*

Asajeni anafika dzuwa litapendeka, munthu wamtali wotopa, wooneka kuti milandu ya mabafa si imene analowera ntchito. Mayi Buluu anabwera yekha asanamuitane, hamala ndi tchizulo m'manja. Agogoda ndinachita kukamukoka. Tonse tinadzazana m'chipinda cha malemu, momwe makatani anali otseka ndipo fungo la chuku linali lisanatheretu. Namwino anaima pakhomo, manja kumbuyo.

“Nkhani ndi yachidule,” anatero Adona. “Bafa likudontha, ndiye kuti sanapake. Wonama pa bafa ndi wonama pa lipenga.”

“Bwana,” ndinatero, “musanatenge munthu, tiyeni tifunse bafalo. Tailosi imodzi yokha.”

“Matailosi anga atsopano!”

“Akudontha kale, Mayi. Ngati pansi pake palibe mankhwala, umboni wanu ukhala wogwirika ndi manja.”

Mawu akuti umboni anawafewetsa. Asajeni anagwedeza mutu. Agogoda analowa, n'kuyenda chogwada akugogoda: ke-ke, ke-ke, ke-ke. Atafika pakona pansi pa zenera, tailosi inati bu-bu.

“Iyi! Sindinanene?”

Mayi Buluu anagwada. Anakanda simenti ya m'mizere, analowetsa tchizulo, n'kumenya mofatsa ngati akudzutsa mwana. Tailosi inanyamuka yathunthu, kunsi kwake kukudontha. Anapala simenti yonyowa, buluu n'kuonekera, wokhuthala bwino.

“Mankhwala alipo,” anatero Asajeni, akuyang'ana Adona.

“Dikirani,” anatero Mayi Buluu. Anapapasa chotupa chija. “Buluu uyu si wanga. Ine ndimapaka ndi bulashi, apa wina anathira n'kusalaza ndi dzanja. Ndipo anathira mochuluka nthawi imodzi, pamwamba pakauma pansi pali pofewa. Sizigwirana.”

Analowetsa chikhadabo m'mphepete, n'kukoka. Chigamba chonse chinasendeka ngati khungu la pa mkaka. Pansi pake, mu buluu woyambayo, munali phazi. Nsapato yaing'ono, timizere take tonse tikuoneka, chidendene chitaterereka mpaka pakona, pamene chinang'amba kansalu kaja n'kusiya mng'alu wotalika ngati chala.

Ndinafotokoza mmene ndinkaonera. Wina anaimika makwerero, analowa pazenera mankhwala ali aawisi, n'kuterereka. Anatenga lipenga, anasiya bokosi, ndipo potuluka anakwirira phazi lake ndi mankhwala otsala m'chitini. Tsiku la mayeso anakweranso m'mamawa kudzasuzumira, n'kuona madzi atatsika. Anadziwa kuti mmisiri akaona zimenezo afufuza pansi ponse mpaka apeze phazi. Ndiye anatunga madzi, anawathirira pazenera pomwepo, choko n'kusungunuka. Koma poopa kuperewera anapyoza mzere.

“Ndiye kuti si wa kiyi,” anatero Asajeni, tulo titawathera. “Wa kiyi salowera pazenera. Aliyense wa m'nyumba muno abweretse nsapato zake.”

“Musavutike, bwana.”

Anali namwino. Anachotsa manja kumbuyo. Anali atagwira nsapato zakale zija. Anadutsa pakati pathu, anagwada pambali pa Mayi Buluu, n'kuika ya kumanja m'phazi lija. Inakhala ngati yabwerera kwawo.

Adona anagwira chitseko.

“Iwe?”

“Ndine, amayi.”

“Wagulitsa lipenga la bambo ako?”

“Sindinagulitse. Tsiku limene ankasuntha kabati ndinaliona. Linali lobiriwira, amayi, bokosi lonse chuku. Ndinakupemphani, munandikalipira. Ndinati ndingolitenga, Bambo Aang'ono alikonze, ndilibweze musanadziwe. Koma munasamukiramo, kiyi n'kumagona naye m'khosi. Mutayamba kunena za apolisi ndinachita mantha, ndipo tsiku lililonse limene ndinakhala chete, kuyankhula kunkakulirakulira.” Anatembenukira kwa Mayi Buluu, misozi ikutsika. “Ndinkamva amayi akukutchulani wakuba, ine n'kumadya, n'kumagona. Ndilibe mawu.”

Mayi Buluu ankayang'ana mng'alu uja.

Kenako, kuchokera pabwalo, kunamveka mawu. Poyamba anali osasa, ngati munthu wokonza kukhosi atagona nthawi yaitali. Kenaka anawongoka, n'kukwera, nyimbo yapang'onopang'ono yomwe ine sindinkaidziwa. Bambo Aang'ono ndi wa ng'oma, lipenga amangoliyesa, ndipo ankaphonya apa ndi apo. Koma Adona anaidziwa. Anakhala pa bedi.

“Ankaimba imeneyi akamameta ndevu,” anatero, osauza aliyense. “M'bafa momwemu.” Anayang'ana makatani, kabati, makoma. “Ndinatseka kuti fungo lawo lisachoke. Ndinkalowa muno kudzanunkhiza majekete awo. Sindikudziwa kuti linachoka liti. Ndakhala ndikununkhiza chuku, n'kumati ndi amuna anga.”

Asajeni anakhosomola, n'kufunsa ngati pali mlandu woti alembe. Adona anapukusa mutu.

“Wanga ulipo,” anatero Mayi Buluu.

Anaimirira, akupukuta tchizulo pa ovolosi. Mawu ake sanakwere.

“Bafa ndikonza. Osati chigamba, madzi saiwala khwawa. Matailosi a mbali yonseyi achoke, simenti iume, ndiyambirenso. Zenera ili lizikhala lotsekula mukatha kusamba, ndipo kabati ichoke pakhoma ili. Izo n'zosavuta. Koma dzina langa, Mayi, simunaliipitsire m'chipinda muno. Munaliipitsira pamsewu, ndi kuntchito kwanga, pamaso pa akapitawo ndi amisiri onse.”

Adona anaweramitsa mutu.

“Ndikupepesa, mwana wanga.”

“Kuno ndamva. Kumeneko sanamve.”

“Ndipita mawa.”

“Amaweruka dzuwa likamalowa,” anatero Mayi Buluu. “Likadalipo.”

Agogoda anatsekula pakamwa, ine n'kumuponda phazi. Adona anakhala kanthawi, lipenga likulirabe pansipo. Kenako anadzuka, anavula chingwe cha kiyi m'khosi n'kuchiika m'manja mwa mwana wawo.

“Tsekula mazenera onse. Za iwe ndi ine tikamba ndikabwera.” Anafunafuna nsapato zawo pansi pa bedi. “Atelala, tiperekezeni. Mukaone ngati ndikuwe mofanana ndi tsiku lija.”

Tinatsika atatu. Pabwalo Bambo Aang'ono anachotsa lipenga pakamwa, n'kuyesa kulibisa kuseri kwa mwendo wodwala uja. Linkawala ngati latsopano, ndipo linkanunkha mafuta anga. Adona anaima, analiyang'ana nthawi yaitali, koma sanalikhudze.

“Mukuphonya pakati, alamu,” anatero. “Pitirizani.”

Tinatuluka pageti Mayi Buluu ali patsogolo, hamala m'manja, Adona akumutsatira pambuyo. Anthu a mumsewu, omwe aja anamva mawu oyambawo, anayamba kutuluka m'mashopu mwawo. Adona sanadikire kuti tikafike kunyumba ya alendo ija. Anaima pakati pa msewu, anakonza mpango, n'kuyambira pomwepo.